Kompyuta ikatentha mutangoika zida zatsopano: momwe mungapezere vuto ndi kulikonza

Mwaika purosesa (ubongo wa kompyuta) yamphamvu kapena graphics card (khadi yotulutsa zithunzi) yatsopano, koma m'malo moti ntchito iziyenda bwino, fani ikungolira mosalekeza, masewera akudukizadukiza, mwinanso kompyuta ikuzima yokha muli pakati pa ntchito. Ambiri zikafika apa amathamangira kukagula cooler (chida choziziritsa purosesa) ina, kapena amabweza chidacho kwa wogulitsa n'kumati anawagulitsa chakufa. Musafulumire. Kawirikawiri chida chatsopanocho chimakhala chili bwinobwino. Vuto limakhala pa kaikidwe kake, kapena pa zida zakale zimene zatsalira momwemo.

Magetsi onse amene chida chimadya amasanduka kutentha. Ryzen 5 3600 ndi purosesa ya ma watt 65, pamene Ryzen 7 5800X ndi ya 105 ndipo ikalemedwa ntchito imakoka mpaka 142, chonsecho zonse ziwiri zimalowa pa soketi imodzimodzi ya AM4 (soketi ndi malo oikapo purosesa pa motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zida zonse). Pa ma graphics card, GTX 1050 Ti imadya ma watt 75, RTX 3060 imadya 170, RTX 3080 imadya 320. Kutentha kowonjezerako kuli ndi njira imodzi yotulukira: kumachoka pa chidacho, kudutsa mu thermal paste (phala lopaka pakati pa chida ndi cooler), kulowa mu heatsink (chitsulo cha cooler chomwaza kutentha), fani n'kukukankhira mumpweya wa m'kesi (bokosi la kompyuta), ndipo mpweyawo uyenera kutuluka kunja. Ntchito yanu ndi kutsatira njira imeneyi mpaka mutapeza pamene patsekeka. Muzisintha chinthu chimodzi, n'kuyeza, kenako n'kupita pa china. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chinali cholakwika.

Koma ngati mukumva fungo la pulasitiki yopsa kapena mwaona utsi, zimitsani pakhoma nthawi yomweyo ndipo yambirani pa gawo lachisanu ndi chimodzi.

Gawo loyamba: yezani musanagwire screwdriver

Dzanja silingakuuzeni chimene chikutentha. Ikani pulogalamu ya HWiNFO64, ndi yaulere, ndipo poitsegula sankhani Sensors only. HWMonitor nayo imagwira ntchito yomweyi. Isiyeni kompyuta kwa mphindi 10 osachita kanthu, mulembe papepala kutentha kwa purosesa, kwa graphics card ndi kwa SSD (chida chosungira mafayilo). Kenako ipatseni ntchito yolemetsa: pulogalamu ya Cinebench kwa mphindi 10 poyesa purosesa, masewera amene mumakonda kapena pulogalamu ya FurMark poyesa khadi. Lembaninso manambala a mumzere wa Maximum.

Purosesa ikakhala pa madigiri 35 mpaka 50 osagwira ntchito, ndi 70 mpaka 85 ikulimbana ndi ntchito, palibe chodetsa nkhawa. Mapurosesa ambiri a Intel amayamba kudzichepetsa liwiro pa madigiri 100. Ryzen 7 5800X malire ake ndi 90, ndipo ma Ryzen 7000 ambiri anapangidwa mwadala kuti azikwera mpaka 95 akalemedwa, n'kukhazikika pomwepo. Choncho nambala payokha siikwanira. Yang'anani mzere wolembedwa Thermal Throttling: ukanena Yes, ndiye kuti chidacho chikudzibweza chifukwa cha kutentha. Pa graphics card mudzaona manambala awiri, wina wamba ndi wina wa Hot Spot, wosonyeza pamalo potentha kwambiri. Wa Hot Spot amakhala wokwera nthawi zonse, ndipo pa makhadi a AMD malire ake ndi madigiri 110.

Chimene chimathandiza kwambiri ndi kuona liwiro limene kutentha kukukwerera. Kukalumpha kufika pa 95 kapena 100 m'masekondi ochepa mutangoyamba Cinebench, cooler sinakhale bwino pa purosesa. Kukamakwera pang'onopang'ono kwa mphindi 20 kapena 30 mpaka kufika pa malire, cooler ikugwira ntchito koma mpweya wotentha ukuunjikana m'kesi. Kukamakwerabe muli mu BIOS (sikirini ya zosintha za motherboard imene mumalowamo Windows isanayambe), kumene purosesa siichita ntchito yolemera, fani kapena pampu ya cooler yamadzi sizikuyenda, ndipo zimitsani msanga.

Muziwerengeranso nyengo. Manambala amene mumaona pa intaneti ambiri amayezedwa m'zipinda zozizira, za madigiri 21 kapena 22. Mu October ndi November ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumatentha mpaka madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana simukhalika. Chipinda chikatentha ndi madigiri 10, zida nazo zimakwera ndi pafupifupi 10 omwewo. Yezani pa nthawi yofanana ya tsiku kuti manambala anu azitha kuyerekezeka.

Chomaliza pagawoli, dinani Ctrl, Shift ndi Esc kuti mutsegule Task Manager. Ngati munaikanso Windows pa SSD yatsopano, imatha maola angapo ikutsitsa ma update ndi kusanthula mafayilo. Purosesa ikakhala yotanganidwa chonchi, kutenthako n'koyembekezeka ndipo kumatha kokha.

Gawo lachiwiri: kodi mafani onse akuzungulira?

Tsegulani chitseko cha m'mbali, yatsani kompyuta, muone ndi maso anu. Waya wa fani ya purosesa uyenera kulowa pamalo olembedwa CPU_FAN, ndipo n'zosavuta kuuiwala kapena kuulowetsa mokhota posintha cooler. Onaninso ngati palibe waya amene wagwera m'mapiko a fani. Ngati cooler yanu ndi yamadzi, pampu ili ndi waya wakewake, nthawi zina ndi wina wa SATA woipatsa magetsi. Gwirani mapaipi ake: mukamva kunjenjemera pang'ono, madzi akuyenda.

Mafani a graphics card zambiri zamakono amaima dala khadiyo ikazizira, ndipo amayamba ikafika madigiri 50 kapena 60. Amenewa muziwaona masewera ali mkati.

Gawo lachitatu: chotsani cooler, muikenso bwino

Apa ndi pamene mavuto ambiri amabisala, ndiye musapupulume.

Yambani mwaigwiritsa ntchito kompyuta kwa mphindi zochepa kuti paste ifewe. Kenako zimitsani, zulani waya wa kukhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe, ndipo gwirani chitsulo cha kesi musanakhudze zida. Masulani ma screw pang'onopang'ono mosinthanasinthana. Mukamasula onse, ipotozeni cooler pang'ono kumanja ndi kumanzere musanaikweze. Pa soketi ya AM4 zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa paste youma imatha kuzula purosesa pamodzi ndi cooler n'kupinda timano take.

Mukaichotsa, musaipukute nthawi yomweyo. Itembenuzeni muone kunsi kwake. Ma cooler ambiri atsopano amabwera ndi kapulasitiki koonekera mkati kophimba chitsulocho, ndipo ngakhale akatswiri amakaiwala. Ngati kalipo, vuto mwalipeza. Ngati palibe, werengani chidindo cha paste. Ikakhala kuti yafalikira mopyapyala pa purosesa yonse, moti chitsulo chikuonekera pang'ono pakati, cooler inakhala bwino. Ikakhala yochindikala mbali imodzi ndipo mbali inayo ndi youma, munamanga mopendekeka. Ikakhala kuti kadontho kaja kakadali kotukuka pakati monga munakaikira, cooler siinkakhudza n'komwe purosesa.

Chomalizachi chimachitika kawirikawiri pamene zomangira si za soketi imeneyo. Intel itatulutsa soketi ya LGA1700 mu 2021, mabowo omangira cooler anatalikirana mamilimita 78 m'malo mwa 75 a pa LGA1200 ndi LGA1151, ndipo purosesa inakhala yotsikirapo. Cooler yakale imatha kuoneka ngati yalowa koma osakanikiza mokwanira. Pamafunika zomangira za LGA1700 zenizeni, ndipo m'bokosi la cooler timizati ta soketi iliyonse timakhala m'kathumba kakekake kolembedwa. Kusakaniza timizati ta AMD ndi ta Intel n'kulakwitsa kofala kwambiri.

Tsopano pukutani mbali zonse ziwiri ndi kansalu kosasiya ulusi, konyowetsa ndi isopropyl alcohol, mpaka chitsulo chiwale. Ikani kadontho kamodzi ka paste pakati, kakukula ngati njere ya nandolo. Pa mapurosesa a LGA1700, amene ndi otalika, kamzere kafupi kotsata utali wake kamafalikira bwino. Paste yakale imene yachotsedwapo cooler musaigwiritsenso ntchito, chifukwa imatsekera mpweya mkati. Ndipo chonde, mankhwala otsukira mano kapena girisi wa njinga si paste. Pali amene amalangiza zimenezi, koma mankhwala otsukira mano amauma msanga n'kusiya purosesa pa moto. Kachubu kamodzi ka paste yeniyeni, monga Arctic MX-4, kamakwanira maulendo angapo.

Tsitsani cooler mowongoka, osaikhwekhwereza. Gwiritsani screw iliyonse pang'ono kaye, kenako mangani mopingasa: ya pakona ina kawiri, ya pakona yoyang'anizana nayo kawiri, n'kupita pa ziwiri zotsalazo, mpaka zonse zitalimba. Musamange imodzi mpaka kumapeto zinazo zikadali zomasuka. Ngati ndi cooler ya Intel ya timapini tinayi tokankha, suzumirani kuseri kwa motherboard muone ngati tonse tinayi tatulukira mofanana. Bwezerani waya pa CPU_FAN, yatsani, mubwereze Cinebench, muyerekeze ndi zimene munalemba papepala.

Gawo lachinayi: kodi cooler ikulingana ndi purosesa?

Ngati yakhala bwino koma kutentha kukufikabe pa malire, mwina yangochepa mphamvu. Cooler ya Wraith Stealth, imene imabwera ndi Ryzen 5 3600, inapangidwira mapurosesa a ma watt 65. AMD imagulitsa 5800X yopanda cooler m'bokosi chifukwa imafuna yaikulu. Kwa Intel, Core i5-13600K imafika ma watt 181, ndipo i7-13700K imafika 253. Apa mpamene kugula cooler ina kumakhala kwanzeru. Musanagule, yezani kupingasa kwa kesi yanu, popeza ma cooler ambiri a mtundu wa tower (oima ngati nsanja) ndi otalika mamilimita 150 mpaka 165 ndipo chitseko chimakana kutseka m'makesi opyapyala.

Gawo lachisanu: mpweya wa m'kesi

Kuyesa kwake n'kosavuta. Sewerani kapena yendetsani Cinebench kwa mphindi 20 chitseko chili chotseka, mulembe. Chotsani chitseko, mubwerezenso. Kutentha kukatsika ndi madigiri awiri kapena atatu, kesi ili bwino. Kukatsika ndi 8 kapena 10, mpweya sukuyenda.

Yambani ndi kumene mafani ayang'ana. Fani imakoka mpweya ku mbali yotseguka n'kuutulutsira ku mbali imene kuli timipiringidzo togwira mota. Ena ali ndi timivi m'mbali. Ngati mukukayika, ikani kapepala kopyapyala patsogolo pake muone kumene kakupita. A kutsogolo ndi a pansi azilowetsa, a kumbuyo ndi a pamwamba azitulutsa. Fani ya pa cooler ya tower izikankhira kumbuyo kwa kesi. Ikayang'ana kutsogolo, imalimbana ndi mafani olowetsa ndipo mpweya wotentha umangozungulira pomwepo.

Graphics card yokhala ndi mafani awiri kapena atatu imatayira kutentha kwake konse m'kesi momwemo. N'chifukwa chake munthu amadabwa kuti wasintha khadi yokha koma purosesa ndi imene yayamba kutentha: ikupuma mpweya wotuluka mu khadiyo. Kesi imene inali bwino ndi fani imodzi kumbuyo tsopano ikufunika ina kapena awiri kutsogolo.

Nkhaniyi imakula pa makompyuta a mu ofesi amene ambiri timagula atagwirapo kale ntchito, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre. Ndi makina olimba, koma anapangidwira ntchito za Word ndi Excel. Aang'ono opyapyala otchedwa SFF nthawi zambiri sakhala ndi fani yotulutsa mpweya kumbuyo, ndipo khadi imakhala moyandikana kwambiri ndi power supply (kabokosi kopereka magetsi ku zida zonse) kapena chitseko, mafani ake n'kusowa popumira. Ine ndimaona kuti m'makina oterewa ndi bwino kukhutira ndi khadi ya low profile (yaifupi, yolowa m'kesi yopyapyala) yosapitirira ma watt 75, yosafuna waya wowonjezera wa magetsi. Kukakamiza yaikulu n'kutaya ndalama kawiri.

Kenako fumbi. M'chilimwe, makamaka ngati mumakhala pafupi ndi msewu wadothi, heatsink imatseka m'miyezi yochepa. Cooler yafumbi inkatha kupirira purosesa yakale koma yatsopano yaiulula. Tulutsani kompyuta panja, muipemerere ndi blower kapena mpweya wa m'chitini, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyezo. Pamene fumbi lamatirira gwiritsani ntchito burashi youma ya penti. Tsukani tisefa ta kutsogolo ndi ta pansi, tiume kaye musanabwezere. Ichotseni kompyuta pansi, muiike patebulo, ndipo isatsamire khoma kapena kukhala m'kabati yotseka. Nsalu yophimbira ija ndi ya pamene yazima basi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: power supply ndi mawaya ake

Kompyuta ikamazima mwadzidzidzi masewera akafika povuta, koma HWiNFO ikuonetsa madigiri 70 okha, musalimbane ndi cooler. Kawirikawiri ndi power supply imene yalephera katundu. Mu pulogalamu ya Windows ya Event Viewer mudzapeza uthenga wa Kernel-Power 41, umene umangosonyeza kuti makina anazima osatsekedwa bwino. Werengani chikwangwani cha pambali pa power supply. NVIDIA imalangiza ya ma watt 550 pa RTX 3060, ndi 750 pa RTX 3080. Za m'makompyuta a mu ofesi aja zambiri sizifika ngakhale 300. Ikani dzanja kumbuyo kwake: mpweya ukamatuluka wotentha kwambiri, kapena fani yake ikakhala chete pamene makina alemedwa, isintheni. Onaninso ngati mbali ya fani yake siinatsekedwe ndi kapeti kapena thabwa.

Mawaya a khadi alowe mpaka kaloko kake kalire. Kumapeto kwa 2022 kunamveka nkhani za mapulagi a magetsi a 12VHPWR osungunuka pa makhadi a RTX 4090, ndipo NVIDIA itafufuza inanena kuti ambiri anali asanalowetsedwe mpaka kumapeto. Pulagi yolowa theka imatentha pa khadi iliyonse. Pewaninso timawaya tosinthira kuchoka pa SATA kupita pa pulagi ya 8-pin ya khadi, chifukwa pulagi ya SATA siinapangidwire katundu wotere. Power supply yokhayo musaitsegule: m'kati mwake mumatsala magetsi oopsa ngakhale mwaizula kukhoma.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: BIOS

Posintha purosesa nthawi zambiri BIOS imabwerera pachiyambi, kapena imasunga zimene munaikira purosesa yakale. Lowani, musankhe Load Optimized Defaults, kenako pitani pa gawo la mafani. Fani ya timano tinayi ikhale pa PWM, ya timano titatu ikhale pa DC. Mukasemphanitsa, fani imatha kuyenda pa liwiro limodzi osasintha. Chotsani pa Silent, muike pa Standard, ndipo pampu ya cooler yamadzi iziyenda pa liwiro lonse.

Ma motherboard ena amachotsa okha malire a magetsi kuti purosesa ithamange kwambiri. Pa ASUS zimatchedwa MultiCore Enhancement, pa AMD pali Precision Boost Overdrive. Zimitsani zimenezi muyezenso. Ngati muli ndi Intel ya m'badwo wa 13 kapena 14, ikani BIOS yatsopano imene ili ndi malangizo a purosesa otchedwa microcode 0x12B ya mu September 2024 kapena yapambuyo pake, musankhe Intel Default Settings, chifukwa mapurosesa amenewa ankawonongeka ndi voteji yokwera. Ngati ndi Ryzen 7000 ndipo mwayatsa EXPO (chosintha chothamangitsa RAM) pa RAM yatsopano, BIOS yanu ikhale ya pambuyo pa April 2023, pamene AMD inaika malire a 1.3V pa voteji ya SoC (gawo la purosesa loyendetsa RAM) mapurosesa ena atapsa. Posintha BIOS magetsi asazime pakati, ndiye lumikizani kompyuta ku UPS kapena inverter musanayambe.

Gawo lachisanu ndi chitatu: tizida tating'ono timene timaiwalika

Ma SSD a NVMe (timabolodi tolowa mwachindunji pa motherboard) ndi zida zimene zambiri zinapangidwa kuti zizigwira ntchito mpaka madigiri 70, ndipo zikapitirira zimachepetsa liwiro. Pulogalamu ya CrystalDiskInfo imakuonetsani nambalayi. Malo ake pa motherboard nthawi zambiri amakhala kunsi kwa graphics card, mumpweya wotentha. Ngati motherboard ili ndi kachitsulo kophimbira SSD, kagwiritseni ntchito, ndipo nakonso kali ndi kapulasitiki koyenera kuchotsa pa thermal pad (kamphira kodutsitsa kutentha).

Pafupi ndi soketi pali tizida ta VRM topatsa purosesa magetsi. Pa ma motherboard otsika mtengo, monga ambiri a A320, timakhala topanda heatsink. Purosesa yaikulu ikaikidwa pamenepo, liwiro limagwa mwadzidzidzi pamene purosesayo ili yozizira. Fani yoyang'ana pamalopo imathandiza, koma bwino kwenikweni ndi kuchepetsa ma watt.

Pa laputopu, RAM kapena SSD yowonjezera siibweretsa kutentha kochuluka. Ikayamba kutentha mutaitsegula, bwererani mkati: waya wa fani unazuka, thermal pad inasuntha, kapena heatsink inakwezedwa osaika paste yatsopano. Ma screw a heatsink ya laputopu amakhala ndi manambala pambali pake, ndipo amamangidwa motsatira manambalawo.

Gawo lachisanu ndi chinayi: chepetsani ma watt, kapena bwezerani chida chakale

Ngati zonse zili m'malo mwake koma ndalama ya cooler kapena kesi ina palibe, chepetsani magetsi amene chidacho chimadya. Pa AMD yatsani Eco Mode mu BIOS kapena mu Ryzen Master, ndipo purosesa ya ma watt 105 imayamba kugwira ntchito ngati ya 65. Pa Intel tsitsani PL1 ndi PL2, malire a ma watt a mu BIOS, kufika pa mlingo umene cooler yanu ingakwanitse. Pa graphics card tsegulani pulogalamu ya MSI Afterburner, mutsitse Power Limit kufika pa 80 peresenti, ndiponso muike malire a ma FPS (zithunzi pa sekondi) ofanana ndi sikirini yanu. Sikirini ya 60Hz siionetsa zithunzi zoposa 60 pa sekondi, choncho khadi ikamatulutsa 200 ikungotentha pachabe. Liwiro limene mumataya limakhala lochepa poyerekeza ndi kutentha kumene kumatsika.

Zikakanikabe, bwezerani chida chakale, musasinthe china chilichonse, muyezenso. Kutentha kukakhalabe kokwera, vuto linalipo kale ndipo lili pa cooler, kesi kapena power supply. Kukabwerera mwakale, yesani chida chatsopanocho mu kompyuta ya mnzanu. Graphics card yogula kwa munthu ikamaonetsa Hot Spot yoposa nambala wamba ndi madigiri 25 kapena 30, paste yake yauma kapena heatsink yake yamasuka. Ngati ikadali pa waranti musaitsegule, chifukwa ogulitsa ambiri amakana chida chimene kachidindo ka pa screw kang'ambika. Jambulani sikirini ya HWiNFO pamene khadiyo ikugwira ntchito m'makompyuta onse awiri, mutenge zithunzizo pamodzi ndi lisiti ndi pepala la manambala anu popita kwa wogulitsa.